Arthur wa The Kinks: kuseka ufumu wa Angelezi kuchokera pabalaza pa bambo woyala makapeti

Amene munafikako ku Mangochi boma mukuidziwa nsanja ya wotchi ija ili chapafupi ndi mlatho wa pa Shire, ya njerwa, imene atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria atamwalira mu 1901, nthawi imeneyo malowo akutchedwa Fort Johnston. Ineyo ndinkangoidutsa ngati chulu basi. Koma tsiku lina ndili mu minibasi pompo, timahedifoni tili kukhutu, foni inandiponyera nyimbo ya bandi ina ya ku London yotchedwa The Kinks, mutu wake Victoria, gitala ikuthamanga ngati ya pa chinkhoswe, woimba akukuwa dzina la mayiyo mokondwa zedi, nde ndinadzifunsa kuti kodi ameneyu akutamanda kapena akunyogodola? Ndinaibwereza kangapo tisanafike pa Liwonde, yankho osabwera. Ndinachita kumvera chimbale chonse kuti ndimvetse, ndipo ndi chimbale chimenecho ndikufuna tikambirane, chifukwa muli mayina ndi timiyambo tambiri ta Angelezi toti ukapanda kutidziwa umangovina osadziwa kuti akukulasa pati.

Dzina lake ndi lalitali ngati la mwana wa mfumu, Arthur, or the Decline and Fall of the British Empire, kunena kuti Arthur, kapena kufooka ndi kugwa kwa ufumu wa Britain. Chinatuluka pa 10 Okutobala 1969, muli nyimbo 12, zonse anapeka ndi Ray Davies yemwe anali mtsogoleri wa bandiyo. Nthabwala yoyamba ili pa dzina pomwepo. Kuli buku lina lolemekezeka kwambiri kwa Angelezi la Edward Gibbon, linatuluka m'zigawo 6 kuyambira 1776 mpaka 1788, lofotokoza mmene ufumu wa Roma unagwera, ndipo mutu wake umayenda chimodzimodzi kungosintha Roma ndi Britain. Ndi buku lija loika pa shelefu kuti alendo aone kuti nyumba ino muli sukulu. Ndiye Ray anatenga mutu wolemera chonchi n'kuumangirira pa munthu amene ntchito yake ndi yoyala makapeti m'nyumba za eni. Dzina loti Arthur nalonso Mngelezi akalimva amakumbuka mfumu ya m'nthano zawo zakale, ya lupanga ndi ankhondo okhala pa tebulo lozungulira, koma Arthur wa 1969 ndi madala wotopa, ali pampando pafupi ndi moto, ngongole ya nyumba ili pakhosi.

The Kinks pachimake inali ya pachibale, Ray wobadwa mu 1944 ndi mng'ono wake Dave wobadwa mu 1947, anyamata awiri omaliza m'banja la ana 8, oyambirira 6 onse atsikana, anakulira m'kanyumba kopanikizana ku Muswell Hill kumpoto kwa London. Anatchuka mu 1964 ndi You Really Got Me, nyimbo imene Dave anachita kung'amba sipika ndi lezala kuti gitala izilira mosasa. Ng'oma ankaimba Mick Avory, ndipo pa chimbale ichi bezi anagwira John Dalton chifukwa Pete Quaife anali atangochoka kumene. Anali anyamata a ndewu, osati zocheza, mu 1965 ku Cardiff Avory anam'menya Dave ndi chitsulo cha pa ng'oma anthu akuonerera mpaka kukamusoka m'mutu kuchipatala. Chaka chomwecho atabwera ku ulendo wa ku America bungwe la oimba la kumeneko linawatsekera khomo, ndipo anakhala zaka 4 osaloledwa kukaimbako pomwe anzawo a The Beatles, The Rolling Stones ndi The Who akukolola madola. Zinawapweteka m'thumba, koma ndikuona ngati ndi zomwe zinamupanga Ray kukhala Ray, poti msika wa ku America unatsekeka anangotembenuka n'kuyamba kuyang'ana anthu a mumsewu wakwawo, mmene amayankhulira, zomwe amaopa, tiyi wawo, timinda tawo ta maluwa.

Chimbalechi sichinayambe ngati chimbale. Kampani ya kanema ya Granada inapempha Ray kuti apange sewero la pa TV lokhala ndi nyimbo, ndipo analemba nkhaniyo limodzi ndi mlembi wina dzina lake Julian Mitchell. Nyimbo anajambula pakati pa Meyi ndi Julayi 1969 ku situdiyo ya Pye ku London, zonse zinali m'malo, koma chakumapeto kwa chaka ndalama za sewero zinavuta ndipo ntchito yonse inalowa m'madzi. Nde chomwe chinatsala ndi nyimbo ndi kankhani kachidule kamene Mitchell analemba pa chikuto. Kankhaniko kakuti Arthur Morgan amakhala ndi mkazi wake Rose m'nyumba yomwe anaitcha Shangri-La, mchimwene wake Eddie anafera ku Somme, ku France, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mwana wake amene anamutcha dzina la malemuwo, Eddie yemwenso, anakafera ku nkhondo ya ku Korea, ndipo mwana wotsalayo Derek akunyamuka ndi mkazi ndi ana kupita ku Australia osadzabweranso. Zonse zikuchitika tsiku lomaliza asananyamuke. Ufumu wonse uja, wa mbendera pa kontinenti iliyonse, kwa bambo ameneyu wam'bweretsera maliro awiri ndi kutsanzikana kumodzi.

Ndipo Arthur analipodi. Anali mlamu wake wa Ray, Arthur Anning, amene anakwatira mchemwali wake wamkulu Rose. Ray ali mnyamata anakhalako kwa banja limeneli, moti Rose anali ngati mayi wake wachiwiri, ndipo mu 1964, chaka chomwe ife tinkatsitsa mbendera yawo pa 6 Julayi, banjali linasamukira ku Australia chapafupi ndi Adelaide. Ray mwini wake anadzalemba kuti tsiku limenelo analira ngati mwana pamchenga wa kunyanja. Ichi muchigwiritse, chifukwa ndi chomwe chimasiyanitsa chimbalechi ndi chipongwe wamba. Munthu amene akumusekayo ndi wakubanja. Zili ngati nyimbo za pamtondo zija, mayi akusinja akuimba ngati akuyamikira apongozi koma aliyense wodutsa akumva kuti muli mbola, komabe madzulo ndi yemweyo akawapatsire madzi osamba.

Britain ya 1969 inali dziko loti likudziwa kuti zatha koma pakamwa sipakufuna kuvomera. India anapita mu 1947, Ghana 1957, ife ndi Zambia 1964, Ian Smith ku Rhodesia anangodzilengezera ufulu mu 1965 London n'kumangoyang'ana. Mu Novembala 1967 boma la Harold Wilson linagwetsa mphamvu ya paundi kuchoka pa madola 2.80 kufika 2.40, inu mukudziwa mmene kugwa kwa ndalama kumawawira, ndipo mu Januwale 1968 linalengeza kuti lichotsa asilikali ake kum'mawa kwa Suez poti ndalama zowasungira kunalibe. Ana a nthawi imeneyo anali kuvina ndi tsitsi lalitali, makolo awo amene anaona nkhondo ali phee kudabwa kuti kodi tinkavutikira zimenezi?

Tsono nyimbo ya Victoria ija. Woyankhula mmenemo si Ray, ndi munthu wa mtundu wa Arthur, akukumbuka nthawi ya mfumukazi imene inalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901 ngati nthawi yoyera, koma m'kamwa momwemo akutiuza kuti olemera anali ouma mtima, nyumba zikuluzikulu zinali za mabwana okhaokha, za kuchipinda zinali zonyansa kuzitchula. Kenako akuti iye ngakhale ndi mmphawi ndi mfulu ndipo akakula adzafera dziko lake. Apa mpomwe pali mbedza, akunena monyadira chinthu chimene chikamuphe. Pakati pake nyimbo imadekha, malipenga n'kulowa, n'kubwereka mawu a Land of Hope and Glory, nyimbo yonyadira dziko ija imene Angelezi amaimba akukupiza timbendera, kenako akutchula madera a ufumuwo, Canada, India, Australia, Singapore, Hong Kong, ndipo pakati pawo waponyamo Cornwall, kamene ndi kachigawo ka England komweko kumapeto kwa dziko, ngati munthu akuwerenga maiko amene anayendako n'kuikamo Ntcheu. Amamaliza ndi kunena kuti mfumukaziyo inkawakonda onse, olemera ndi osauka omwe. Ukaimva payokha ungati ndi nyimbo ya chipani. Yankho la funso langa la mu minibasi lija lili mu nyimbo yotsatira.

Chifukwa ikangotha Victoria, ng'oma ya pa perete imayamba, Yes Sir, No Sir. Mnyamata uja amati adzafera dziko tsopano ali mu yunifomu, akupempha chilolezo kwa bwana kuti ayankhule, mpaka chilolezo choti apume mpweya. Kenako mawu amasintha, akuyankhula ndi akuluakulu a asilikali okhaokha, akuti apatseni mfuti anthu wambawa, apangitseni kumva ngati ndi ofunika, wothawa muwombereni, akafa tidzatumiza mendulo kwa mkazi wake, ndipo pamenepo pamamveka kuseka. Zowombera othawazo si zopeka ayi, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Britain inapha asilikali ake omwe 306 pa milandu ngati kuthawa ndi mantha, ndipo anadzawakhululukira mu 2006, eni ake ataola kalekale. Ikubwera pambuyo pake, Some Mother's Son, ilibe nthabwala olo pang'ono. Msilikali ali mu ngalande wakweza maso kuona dzuwa, akukumbuka masewera a ubwana, mnzake wamuitana dzina, potembenuka chipolopolo cham'peza, kwawo mayi ake aika chithunzi chake mu felemu pakhoma. Somme imene inadya Eddie woyamba ija, tsiku loyamba lokha pa 1 Julayi 1916 asilikali a Britain oposa 19,000 anafa, tsiku limodzi.

Apa ndi pamene ine chimbalechi chinasiya kukhala cha azungu okhaokha. Nkhondo yomweyo kwathu kuno agogo ankaitcha ya Chiwaya, ndipo kupatula asikari a King's African Rifles amene chipilala chawo chili ku Zomba, amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo ya eni mpaka ena kufera m'njira. John Chilembwe chakumapeto kwa 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, imene boma linaitsekereza, ndipo mfundo yake inali yoti ngati kuli nkhondo apite olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi amene akafa amangosiya amasiye ndi ana opanda kanthu. Zaka 55 pambuyo pake mwana wa ku Muswell Hill akuimba mfundo yomweyo za amphawi a kwawo. Sindikuti Ray ankamudziwa Chilembwe, ndikungoti ndodo inali imodzi, inkangomenya mosiyana mphamvu.

Drivin' ndi kanyimbo kopumira, Arthur watenga Rose pa galimoto kupita kumidzi kukadya panja, aiwale ngongole ndi nkhani za nkhondo. Brainwashed ndi mkwiyo wa achinyamata, malipenga ndi gitala zikukalipa, kumuuza madala kuti anakupusitsani, mabwana akukupondani inu n'kumathokoza. Sindikhalitsapo.

Australia ndiye imafuna kufotokoza. Nkhondo yachiwiri itatha boma la Australia linkafuna anthu, nde linagwirizana ndi Britain kuti munthu wamkulu azilipira mapaundi 10 okha pa ulendo wonse wa sitima ya pamadzi, ana ulere, bola ukakhaleko zaka 2, ukabwerera msanga ubweza ndalama zonse za ulendo. Anthu oposa 1 miliyoni anapita mwa njira imeneyi ndipo ankatchedwa Ten Pound Poms. Nyimboyi Ray anaipanga ngati otsatsa malonda, mawu okoma ngati a The Beach Boys, akulonjeza kuti kumeneko kulibe kusankhana kwa olemera ndi osauka, kulibe mankhwala ozunguza bongo, aliyense akumwetulira, Khirisimasi ya dzuwa, ukangogwira ntchito zonse zitheka. Aliyense amene anaperekezako mbale wake pa depoti akukwera basi ya ku Johannesburg akuidziwa nyimbo imeneyi olo sanaimvepo, ndi zija amanena obwera pa holide atavala jekete yatsopano, osatchula zogona anthu 6 chipinda chimodzi. Kenako nyimboyo imasiya mawu n'kungoyenda ndi zida zokhazokha mpaka kukwana pafupifupi mphindi 7, ena amati ikusonyeza kutalika kwa ulendo, ine ndimaona ngati anyamatawo anangokomedwa, ndimaidumpha nthawi zambiri. Chimene nyimboyi sinena n'choti khomo la mapaundi 10 lija linali lotsegukira azungu, malamulo a White Australia anadzatheratu mu 1973, ndipo nthawi yomweyo Britain inali kutseka lake khomo, malamulo a 1962 ndi 1968 ochepetsa obwera kuchokera ku maiko a Commonwealth, a 1968 anachita kuwathamangitsa mu nyumba ya malamulo kuti atsekereze amwenye a ku Kenya amene anali ndi mapasipoti a Britain enieni.

Mukatembenuza mbale, poti nthawi imeneyo nyimbo zinali pa mbale ya mbali ziwiri, mukupeza Shangri-La, imene kwa ine ndi mtima wa chimbale chonse. Dzinali linachokera mu buku la James Hilton la 1933 lotchedwa Lost Horizon, ndi chigwa chongopeka cha kumapiri a ku Tibet kumene anthu sakalamba msanga ndipo kulibe mavuto, paradaiso tinene. Angelezi a m'mayadi a kunja kwa tauni anali ndi chizolowezi chopatsa nyumba zawo mayina, kulemba pa kathabwa n'kukhoma pa geti, ndipo Shangri-La linali limodzi mwa mayina okondedwa. Ray akuti nyumbazo amazipatsa mayina chifukwa zonse n'zofanana, popanda dzina ungalowe kwa neba. Nyimboyi imayamba mwakachetechete, gitala yopanda magetsi, ngati munthu akusisita madala paphewa, mwafika bambo, khalani pampando wanu, valani masilipasi, simudzapitanso kuchimbudzi cha kuseri kwa nyumba usiku kukuzizira. Eya, musadabwe, nyumba zambiri za anthu ogwira ntchito za manja ku Britain zinali ndi chimbudzi panja mpaka zaka za m'ma 1960, moti kukhala ndi cha m'nyumba kunali kukwera. Kenako pang'onopang'ono akuyamba kuwerenga mtengo wa paradaisoyo, ngongole ya nyumba, bilu ya gasi, ya madzi, galimoto yolipira mwezi ndi mwezi, TV ndi wailesi za masheleni 7 pa sabata, akuluakulu amene munagwirako masheleni kwacha isanabwere mu 1971 mukudziwa kuti 20 ndiye inali paundi. Munthuyo sangadandaule kuntchito, sangayankhe bwana, chifukwa akangochotsedwa zonsezi zipita. Pakati nyimbo imaphulika, ng'oma za Avory zikugubuduka, maneba akubwera kudzamwa tiyi ndi kudzatola miseche, kenako imabwerera ku kolasi ija koma tsopano dzina loti Shangri-La likumveka ngati chitseko cha ndende chikutsekedwa.

Anthu ena amati apa Ray ankanyoza anthu wamba, mnyamata wa ndalama za nyimbo kuseka bambo amene wakhetsa thukuta moyo wonse kuti apeze kanyumba. Ine sindikuvomereza kwenikweni, ngakhale mawu ena ndi owawa ndithu. Mverani mmene mawu ake amanjenjemerera koyambirira kuja. Ndinaganiza za malume anga ena amene anapuma ntchito m'boma, anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za penshoni, pabalaza anaika sofa zokutira ndi tinsalu toluka, kabati ya magalasi yodzadza makapu amene sitinamwerepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo madzulo alionse ankakhala pampando umodzimodzi wailesi ili pamwendo osayankhula ndi munthu. Ukanawafunsa akanati zinayenda. Ndipo zinayendadi, nanga si anzawo ambiri analibe olo khomo. Koma panali kachete wina wake pabalaza paja amene nyimboyi inandikumbutsa.

Mr. Churchill Says ndi phukusi la mayina. Winston Churchill mukumudziwa, nduna yaikulu ya nthawi ya nkhondo yachiwiri, anali atamwalira mu Januwale 1965 ndipo maliro ake ambiri anawaona ngati maliro a ufumu womwe. Ray akutenga zidutswa za malankhulidwe ake otchuka aja, zomenyana mpaka kumapeto, n'kuziika mkamwa mwa munthu wamba amene akungobwereza zomwe wamva pa wailesi, a Churchill akuti, a Montgomery akuti, a Mountbatten akuti. Awiri enawo anali akuluakulu a nkhondo. Koma wosangalatsa ndi Beaverbrook, mwini manyuzipepala amene anapatsidwa unduna wopanga ndege za nkhondo mu 1940, n'kupempha amayi kuti apereke mapoto ndi masefuliya awo asungunulidwe kupanga ndege, ndipo kenako mipanda ya zitsulo ndi mageti a m'nyumba za anthu zinadulidwa, mpaka lero m'misewu ina ya London mumaona tizitsa ta zitsulo pa makoma. Nde nyimbo ikuti zitini ndi mageti zitiwinitsa nkhondo, ukuseka, kenaka mwadzidzidzi kukulira sayirini yochenjeza za ndege za adani, liwiro likusintha, gitala ya Dave ikuthamanga, tili mumsewu nyumba yagwa, pali wakufa, tikolope tipitirize. Mabomba a Germany a 1940 ndi 1941 anapha anthu wamba oposa 40,000 ku Britain, nde Ray sakuseka kuvutikako ayi, akuseka mmene mawu okoma a akuluakulu amatsikira pansi n'kusanduka poto wa mayi. Amatchulanso Vera Lynn, woimba amene ankalimbitsa mtima asilikali, yemwe mu 1944 anafika mpaka ku Burma, dziko limene asikari athu a KAR anakamenyako nkhondo chaka chomwecho.

Tsono ya zipewa, She's Bought a Hat Like Princess Marina, imene ndimaikonda mwina kuposa mmene ikuyenera. Marina anali mwana wa banja lachifumu la ku Greece amene anakwatiwa ndi Duke of Kent mu 1934, wotchuka ndi kutchena, moti tizipewa take amayi a ku Britain ankatikopera m'masitolo otchipa. Anamwalira mu 1968, chaka chimodzi chimbalechi chisanatuluke, ndipo amene munakhalako ku Botswana, chipatala chachikulu cha ku Gaborone chija chotchedwa Princess Marina ndi yemweyu, anaimira mfumukazi pa ufulu wa dzikolo mu 1966. Mu nyimboyi mayi wagula chipewa ngati cha Marina ndipo akuchivala akukolopa masitepe ndi kupukuta mawindo. Bambo naye wagula chipewa ngati cha Anthony Eden, galimoto ya mabwana sangaikwanitse, kunyumba chakudya kulibe, koma akachivala akumva ngati bwana. Eden ndi nduna yaikulu imene mu 1956 inatumiza asilikali ku Egypt pamodzi ndi France ndi Israel Nasser, mtsogoleri wa Egypt, atalanda ngalande ya Suez, America inakalipa, Britain inabwerera manyazi ali tho, Eden n'kutula pansi udindo mu Januwale 1957. Ndiye kuti mmphawiyo akunyadira chipewa cha munthu amene anaonetsa dziko lonse kuti ufumu watha mano. Chipewa chimenechi ndi cha mtundu wa Homburg, chakuda cholimba, ndipo ife sitifunika kuchita kuchifufuza pa intaneti, ndi mtundu womwe uja ankavala Kamuzu pamwamba pa suti ya zidutswa zitatu, munthu amene anakhala zaka zambiri ali dokotala kumpoto kwa London komweko. Nyimboyi imayamba mwaulemu ngati ya kunyumba ya mfumu kenako imasanduka chipwirikiti cha tizitoliro ta ana, kutengera zisudzo za m'maholo zimene makolo a Ray ankakonda.

Kumapeto kuli Young and Innocent Days yokumbuka ubwana, ndi Nothing to Say, imene ndi yoseketsa mpaka utaizindikira, bambo ndi mwana ali pa chakudya cha Lamulungu, mwana akufunsa za nyamakazi ndi za azakhali akutiakuti chifukwa palibenso china choti akambe, mawa akupita kutsidya la dziko. Yomaliza ndi Arthur, Ray ndi Dave akuimbira limodzi, akumuuza madala kuti dziko lakudutsani, mwina munkalondola nthawi yonseyi, koma timakukondani ndipo tikufuna kukuthandizani, anthu akuwomba m'manja ngati kutchalitchi. Thandizo lake silitchulidwa.

Chomwe chimandikhala pakhosi n'chakuti chimbale chonse chonena za kugwa kwa ufumu, Africa sindinaimvemo olo kamodzi. Pa mndandanda wa mu Victoria mulibe, anthu olamulidwawo kaya ndi a ku India kaya a kuno saoneka nkhope, ufumu ndi mayina a pa mapu basi. Poyamba zinandinyansa. Pano ndimaona kuti mwina ndi zoona zake za Arthur, iye ufumu sanauonepo, ankangouwerenga pa mapu a kusukulu opakidwa kofiira n'kuuzidwa kuti ndi wake, pomwe phindu la tiyi wa ku Thyolo ndi fodya linkapita kwa eni masheya, iye n'kupatsidwa mendulo ya mwana wake. Izi sizimuchotsera mlandu wonse, anavotera, anaimba nawo, ndipo olo anali mmphawi akanabwera ku Nyasaland tikanamutcha bwana n'kumuvulira chipewa. Koma ngati mukufuna kumva mmene nyumba ija inkaonekera mkati pamene ife tinkaiona kunja, sindikudziwa chimbale china chimene chimaonetsa bwino chonchi.

Pa msika sichinayende. The Who anali atatulutsa chimbale chawo cha Tommy mu Meyi chaka chomwecho, nde anthu anangoti awa akutsanzira zopanga chimbale cha nkhani imodzi, sewero la pa TV lomwe likanachikweza linafa, ndipo ku Britain sichinalowe n'komwe pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri. Ku America, kumene chiletso chija chinali chitangotha, chinafika pa nambala 105, ndipo olemba za nyimbo kumeneko anachitamanda kwambiri, Greil Marcus mu magazini ya Rolling Stone anati ndi chimbale chopambana cha ku Britain chaka chimenecho. Victoria inafika pa 33 kwawo, Shangri-La osaoneka n'komwe. Ndalama zinadzabwera ndi nyimbo ya Lola mu 1970. Koma mbewu inamera mochedwa, a bandi ya The Fall anaimbanso Victoria mu 1988, ndipo mabandi a m'ma 1990 ngati Blur, oseka moyo wa Angelezi wamba, ankanena poyera kuti anaphunzira kwa Ray. Mu 2019 chimbalechi chitakwanitsa zaka 50 nkhani ya Arthur inapangidwa sewero pa wailesi ya BBC Radio 4, mochedwa ndi theka la zaka 100.

Ray Davies yemweyo mu 2004 analandira ulemu wa CBE kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth, mdzukulu wa mdzukulu wa Victoria, ndipo zilembo ziwiri zomalizazo zikuimira British Empire, ufumu umene iye anaulengeza kuti wagwa zaka 35 m'mbuyomo. Mu 2017 anagwada pamaso pa Charles, mwana wa mfumukaziyo, lupanga linagunda paphewa, n'kudzuka ali Sir Ray.